Nsalu Imene Akazi Anga Anasungitsa kwa Amwenye

Uthenga unandipeza pamwamba pa phiri la Zomba, ndikusankha mbatatesi m'munda wa mnzanga amene tinkacheka naye matabwa kale. Mbatatesiyo inali ya akazi anga. Iwo ankagulitsa pamsika wa ku Chinamwali, ndipo chiyambire pamene mawondo awo anayamba kukana chitunda, wokapikula kuphiri ndinali ine. M'mawa umenewo anandiperekeza mpaka pampanda, tsache lili m'manja, n'kundiuza kuti ndisabwerenso ndi timbatatesi tonga mazira a njiwa.

"Maso anuwo anapuma pantchito limodzi ndi inu," anatero. "Muzisankha ndi manja."

Foni inalira nkhungu isanachoke m'mitengo. Anali mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachisamba. Sanandipatse moni. Anangoti, "Ababa, tsikani. Amayi agwa pamsika." Nditafunsa ngati avulala, anabwereza kuti nditsike, ndipo kumbuyo kwa mawu ake ndinamva amayi ena akulira.

Ndinatsika pa lole yonyamula zipika za paini, nditakhala pamwamba pa katundu. Thumba la mbatatesi ndinalisiya m'munda osamanga. Pamakona a msewu uja tauni yonse imaoneka pansi, malata akung'anima, ndipo ndinkaiyang'ana ndikudabwa kuti utsi ukufuka m'makomo monga masiku onse. Mumtima ndinkakonza zokawakalipira akazi anga. Munthu wamkulu amapita bwanji kumsika asanamwe ngakhale tiyi?

Ndinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu wa kwathu. Panalibenso chofunsa.

Anali atawagoneka kuchipinda kwathu. Kuchipatala anangowapima n'kunena kuti anatisiya asanafike nawo, ndi kuti kunali kuthamanga kwa magazi, choncho mwana wanga anayamba wabwera nawo kunyumba. Kumapazi kwawo kunali kudakali fumbi la pamsika. Ndinagwira phazi limodzi, lisanazizire kwenikweni, ndipo ndinafunsa mpongozi wanga ngati adokotala anayang'anitsitsa. Misozi sinabwere. Ndinatuluka n'kukakhala pakhonde pamene amuna anayamba kusonkhana, chipewa chidakali kumutu mpaka wina anachita kundivula.

Ana athu anatsala awiri. Wamwamunayo amagwira ntchito m'boma konkuno ku Zomba, ndiponso ndi mkulu wa mpingo wathu. Iye anali atayamba kale kuyendetsa zinthu: uthenga kwa abusa, amisiri a mabokosi, galimoto yoti masana itenge thupi kupita nalo ku nyumba ya chisoni. Wamkaziyo, mzime wathu, amaphunzitsa ku Karonga. Ameneyu ndinamuimbira ndekha.

"Ababa, ndikwera basi iliyonse imene ndiipeze, koma kufika ndi mawa," anatero atatha kulira. "Musawaike ndisanafike. Ndiwaone nkhope."

"Tikudikira, mwana wanga."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Posakhalitsa amayi a kumpingo anafika ndi mabulauzi awo oyera, nalowa pabalaza n'kuyamba nyimbo. Bulauzi yotereyo akazi anga anaivala zaka zambiri, ndipo pamaliro a anthu ena oyambitsa nyimbo anali iwo.

Pakhonde paja aliyense wobwera kudzandipepesa ankafunsa ngati mayiwo ankadwala. Ine ndinkayankha chimodzimodzi: zoti magazi sindikuzidziwa, koma ndi m'mimba muja. Pakuti akazi anga anali ndi nthenda yawo imene inkabwera chaka ndi chaka. Ikafika, m'mimba mwawo munkakana chakudya usana wonse, ngakhale madzi. Ankaphika, ankapakulira tonse, iwo n'kukakhala kuseri akuti fungo likuwachititsa nseru. Madzulo ndiye ankapezako bwino, n'kudya futali wa mbatata, akuti yekhayo ndi amene m'mimba munkalola. Pakatha masabata angapo nthendayo inkachoka yokha. Chaka china inabwera nthawi ya mango, ine n'kuletsa mango pakhomo. Patapita zaka inkabwera m'nyengo yachisanu, ndipo ndinati ndi mphepo ya kuphiri, n'kuwagulira juzi. Mankhwala ndinagula amitundumitundu, akusitolo ndi achikuda omwe.

Ine sukulu ndinaiyamba imvi zitamera, ya kwacha, ndipo ondikankhira kumeneko anali iwo. Chinthu choyamba chimene ndinawerenga mokweza pakhomo pathu chinali kapepala ka pabotolo la mankhwala awo. Ndinawerenga chilembo ndi chilembo kuti azimwa katatu pa tsiku atatha kudya. Anaseka mpaka kudzigwira m'nthiti.

"Taphunzitsa dokotala m'nyumba muno," anatero. "Ikani pawindo, adokotala, ndimwa dzuwa likalowa."

Zimenezi ndinkafotokozera amuna pakhonde, ndikudandaula kuti ndikanapita nawo ku chipatala chachikulu ku Blantyre akanaipeza nthendayo. Ndili mkati molankhula, galimoto yoyera inaima pamasamba paja. Munatuluka mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga wa ku Malosa, atavala mkanjo ndi kofia. Pambuyo pake panatuluka mayi wokalamba wachimwenye, mwini sitolo ina ya nsalu m'tauni, atakumbatira phukusi.

Akazi anga anabadwira ku Malosa, m'banja la Ayao, Asilamu. Pamene ndinkawafunsira ndinanena poyera kuti ukwati ukhala wa kutchalitchi, apo ayi palibe ukwati. Anabatizidwa. Bambo awo sanabwere ku ukwatiwo, ndipo sanapondepo pakhomo pathu mpaka imfa yawo. Ine masiku amenewo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Nkhaniyi sitinaikambenso m'nyumba. Akazi anga ankapita kwawo pamaliro ndi pamatenda, ine ndinkawaperekeza pa siteji n'kubwerera. Mlamu wangayu tinkaonana pamsika wa m'tauni mwa apo ndi apo, n'kupatsana moni wa anthu odziwana patali.

Anakhala pambali panga, napepesa monga mwa mwambo. Mawu anga omaliza anali atawamva.

"Alamu," anatero motsitsa, "mlongo wanga sanadwalepo m'mimba. Tiyeni kuseri, muitane ndi mwana wanu."

Tinakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala: ine, mwana wanga, mlamu wanga ndi mayi wachimwenye uja. Mpongozi wanga anabweretsa mipando, ndipo mlamu wanga anamuuza kuti asachoke. Mayiyo anamasula phukusi. Munali nsalu yoyera, yatsopano, yopindidwa bwino.

"Akazi anu anagwira ntchito kwathu ali mtsikana, inu musanawaone," anatero mayiyo. Chichewa chawo chinali cha munthu wobadwira ku Zomba. "Atakwatiwa tinangokhala mabwenzi. Chaka chija anagona m'chipatala ndi malungo, atatuluka anabwera kusitolo n'kusankha nsalu iyi. Ndi sanda, yokulungira maliro mwa Chisilamu. Anati, 'Mundisungire kuno. Kwathu madala aja akamasaka sokosi amatembenuza masutikesi onse.' Lero nditamva, ndinatumiza galimoto kwa achimwene awo."

Ndinayang'ana nsaluyo, ndinayang'ana mlamu wanga.

"Nthenda imene mukunenayo ndi Ramadani," anatero iye. "Ankasala. Chilowereni m'nyumba mwanu sanaphonyepo chaka."

Ndinaseka. Ndikukumbukira bwino kuti ndinaseka, ndipo amayi oimba pabalaza mwina anandimva. Ndinati zimenezo sizingatheke, ine ndagona ndi munthuyu chipinda chimodzi kuyambira ndili mnyamata. Kenaka ndinatembenukira mpongozi wanga kuti andithandize kutsutsa. Iye anali akuyang'ana pansi.

"Tinkadziwa, ababa," anatero. "Adzukulu anu omwe amadziwa. Amati anganga akayamba kudwala m'mimba, ndiye kuti kwa aneba kwayamba kusala, madzulo kuli futali."

"Iwenso?" ndinafunsa mwana wanga.

"Zosalazo ndinazizindikira ndili ku sekondale," anayankha. "Koma ndi chizolowezi cha ku ubwana, ababa. Munthu akhoza kusala chifukwa chokumbukira makolo ake. Sizikutanthauza kanthu."

Ku Chinamwali mzikiti uli pafupi, ndipo aneba athu ambiri ndi Asilamu. Chaka chilichonse ndinkaona anzanga a makabaza atauma milomo mwezi umenewo, ndinkawaseka, ndikafika kunyumba n'kufunsa akazi anga ngati amwa mankhwala. N'zoona kuti zaka zambiri ndinkalawirira kuphiri n'kubwera kutada. Koma nditapuma pantchito ndinkakhala pakhomo usana wonse. Mpaka lero sindidziwa kuti maso anga ankayang'ana kuti.

Mlamu wanga anadikira kuti ndikhale chete, n'kupitiriza.

"Mwa mwambo wathu mwini mbumba ndine, ndipo ndikanatha kungobwera kudzatenga mlongo wanga. Koma anandimanga manja. Anati, 'Mukafunse alamu anu. Akalola, mukandiike ku Malosa pafupi ndi amayi, mwa Chisilamu. Akakana, mundisiye, musakakangane pamaliro anga.' Ndiye ndabwera kudzafunsa. Mukalola, tiika lero dzuwa lisanalowe."

Mwana wanga anaimirira.

"Amalume, ndi ulemu wonse, amayi anabatizidwa. Lamulungu lapitali anali kutsogolo akuimba, mpingo wonse ndi mboni. Lero mwabwera ndi nsalu. Zaka zonsezi munali kuti?"

"Ndinali ku Malosa, mphwanga. Msewu ndi womwewu. Nawenso sunkaudziwa."

"Ndiye tiwauze chiyani amayi ali m'nyumbawa? Kuti ankaimba ndi munthu wonama?"

"Khala pansi," ndinatero. Anakhala.

Ndinauza mlamu wanga za mwana wa ku Karonga, kuti ali m'njira ndipo ndamulonjeza. Ndinapempha kuti ngati n'kotheka thupi likagone ku nyumba ya chisoni, nkhaniyi tiikambe mawa onse alipo.

Anapukusa mutu. "Zimenezo anatchula yekha. Anati tsiku lomwelo, monga tinachitira ndi amayi athu. Anati, 'Musakandiike mufiriji ngati chambo.'"

Mawu amenewo mlamu wanga sakanawapeka. Ndinawamvapo kambirimbiri tikuchokera kumaliro a anthu olemera, aja amasungidwa sabata yathunthu kudikira ana a kunja. Akazi anga ankanena akuvula nsapato pakhomo, ine n'kumaseka ndi kuwauza kuti chambo chake chakalamba, palibe angachigule.

Ndinawasiya pansi pa mtengo n'kulowa kuchipinda. Amayi awiri amene anakhala pambali pa thupi anatuluka atandiona. Ndinavundukula nkhope. Inali nkhope yomwe ija, kachipsera ka pachibwano kali pomwepo, milomo itatsekeka ngati akusunga mawu oti andinene nawo. Kuseri kwa chitseko kunali bulauzi yawo yoyera, yositidwa kale. Ndinafuna kuwafunsa kuti poimba muja ankaimbira ndani, ndipo posala muja ankasalira ndani. Ndinafunanso kufunsa chimene ankaona pankhope yanga chimene chinawachititsa kusankha kudwala chaka ndi chaka m'malo mondiuza. Pabalaza nyimbo inkapitirira, ndipo mawu oyambitsa anali a munthu wina.

Chimene chinandilemera kwambiri n'chakuti anasiya nkhaniyi m'manja mwanga. Akanatha kuuza achimwene awo kuti adzangowatenga. Akanatha kuuza ana. Koma anati akafunse ine, munthu yemwe uja amene ndinagamula kale kamodzi tili achinyamata.

Ndinaimbira mwana wanga wa ku Karonga. Foni sinalowe. Ndinayesanso, osalowa. Sindikudziwa ngati ndinakhumudwa kapena mtima unapepuka.

Nditatuluka ndinapeza onse ali momwe ndinawasiyira, nsalu ili pamiyendo pa mayi wachimwenye.

"Atengeni," ndinatero.

"Ababa, nanga achemwali a ku Karonga?" anafunsa mpongozi wanga.

"Ndiyankha ndine."

Mwana wanga anatulutsa foni n'kupita kumpanda, ndipo ndinamumva akuuza amisiri kuti bokosi lija asiye. Kwa amayi a kumpingo ndinapita ndekha. Ndinagwada pakhomo la pabalaza, nyimbo n'kudukira pakati. Sindikumbuka mmene ndinafotokozera. Ena anatola zikwama zawo n'kutuluka osandiyang'ana. Mtsogoleri wawo, mayi wachikulire amene ankakhala benchi limodzi ndi akazi anga, ndi amene anandiyankha.

"Ife tinkaimba naye," anatero. "Tiimba mpaka galimoto inyamuke. Za kutsogoloko ndi zanu ndi Mulungu."

Anaimbadi, iwo ndi ena ochepa otsala, mpaka tinakhota pamsewu waukulu.

Ku Malosa zonse zinayenda mofulumira, moti mutu wanga unkatsalira m'mbuyo. Manda anali atayamba kale kukumbidwa, chifukwa mlamu wanga anaimbira abale ake tisananyamuke. Amayi a kwawo analowa ndi thupi m'nyumba kukalisambitsa. Pamene ankatuluka nalo linali litakulungidwa mu nsalu ija, lomangidwa kumutu ndi kumapazi, laling'ono kuposa mmene ndinkawadziwira akazi anga. Analiika pa jeneza, chonyamulira chawo cha maliro, amuna n'kuima m'mizere kumbuyo kwa shehe. Ine ndinaima pambali, osadziwa poika manja. Mlamu wanga anandikoka mkono n'kundiimika pafupi naye. Pemphero lawo linali lalifupi, loimirira. Ine ndinayamba pemphero langa chamumtima, koma iwo anamaliza ine ndisanafike pakati.

Kumanda kunapita amuna okhaokha. Jeneza inkayenda pamapewa, anthu akulandirana, mwa liwiro loti ndinkachita kuthamangira. Mwana wanga anali atatsalira m'galimoto, koma nditacheuka ndinamuona kumapeto kwa mzere, taye ili m'thumba la malaya. Panalibe bokosi, panalibe nkhata, panalibe wowerenga mbiri ya malemu. Anawatsitsa ndi manja, n'kuwagoneka cham'mbali m'kachipinda kokumbidwa m'khoma la dzenje. Wina anandipatsa dothi m'manja ndipo ndinaponya. Dzuwa linali lidakali pamwamba pa phiri pamene ankasalaza mtumbira. Ndinayang'ana malaya anga, ndipo m'mikono munali mudakali dothi la m'munda wa mbatatesi.

Mwana wanga wamkazi anafika m'mawa mwake, dzuwa litakwera, pa kabaza wochokera ku depoti. Foni inamuthera moto asanafike ku Mzuzu. Mchimwene wake anafuna kukamuchingamira kuti amuuze m'njira, koma ndinamuletsa. Ndinakhala pakhonde kumudikira.

Sanandione n'komwe. Anaponya chikwama pansi n'kulowa akulira, molunjika kuchipinda. Kulirako kunaleka. Anatuluka pang'onopang'ono, akuyang'ana pabalaza pamene panali anthu ochepa, opanda nyimbo.

"Ali ku nyumba ya chisoni?"

"Khala pansi, mwana wanga."

"Ababa, amayi ali kuti?"

"Ali ku Malosa. Tinaika dzulo."

Ndinamufotokozera zonse, za nsalu, za amalume ake, za mawu a mayi ake, za foni imene sinalowe. Anamvetsera ali chiimire, manja ali m'chiuno monga ankaimira mayi ake. Za kusala sanadabwe nazo. Anati ali mwana ankawathandiza kusenda mbatata.

"Koma munalonjeza," anatero.

"Ndinalonjeza."

"Usiku umodzi wokha, ababa. Akanadziwa?"

"Ine ndikanadziwa."

"Ndiye munasankha."

"Ndinasankha."

Anakhala pa sitepe, kundifulatira. Kenaka anafunsa, osatembenuka, kuti nkhope yawo inkaoneka bwanji. Ndinayesa kumuuza. Ndinati inali ngati akugona, koma ndinaona kuti amenewo ndi mawu amene aliyense amanena, ndiye ndinatchula kachipsera ka pachibwano, ndi milomo, ndi duku labuluu limene anavala kumsika. Anafunsa ngati maso anatsekeka bwino. Ndinati anatsekeka. Anafunsa amene anawatseka, ndipo sindinkadziwa, chifukwa ine ndinali kuphiri.

Anaimirira n'kutola chikwama chake, n'kuitana mchimwene wake kuti atulutse galimoto, akaone pamene pagona mayi awo. Ndinayamba kufunafuna nsapato zanga pansi pa mpando.

"Inu khalani, ababa," anatero. "Munawaona kale."

Ndinakhala. Usiku umenewo anakagona kwa mchimwene wake, ndipo mpaka lero akabwera ku Zomba amafikira komweko. Amandiimbira Lamulungu lililonse kufunsa ngati ndadya. Ndikamuyankha amati chabwino, n'kudula.